Kukhala ndi Nyamakazi ku Chiputula: Zothandiza, Zosathandiza ndi Zovulaza

M'maokala ndi m'magolosale a ku Chiputula mu Mzuzu, pambali pa sopo, mchere ndi machesi, sipalephera kukhala timapiritsi topha ululu. Ambiri mwa ogula timapiritsiti si anthu amene mutu wawayamba dzulo. Ndi amayi amene akhala akusenza tomato ndi nthochi kupita nazo ku msika wa Zigwagwa kwa zaka zambirimbiri, abambo amene anakulira pa ntchito youmba njerwa ndi yomanga, agogo amene kudzuka pa mphasa kumafuna ayambe apumira kaye m'mwamba. Mukawafunsa chimene chikuwasautsa, yankho limakhala limodzi: nyamakazi. Mawondo akuphwanya, chiuno chauma, ndipo Mzuzu akazizira mu June ndi July, madandaulo amachuluka.

Nyamakazi ilipo yamitundumitundu, koma yofala kuposa zonse ndi imene madokotala amaitcha osteoarthritis. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni pa dziko lonse anali nayo. Mwa anthu 100 alionse odwala, 73 anali opitirira zaka 55, ndipo 60 anali akazi. Bondo ndilo limagwidwa kwambiri, pakuti anthu 365 miliyoni anali nayo m'mawondo. Mpaka lero palibe mankhwala, achizungu kapena achikuda, amene amaithetseratu. Munthu amakhala nayo zaka 10, 20 ngakhale 30, choncho chofunika kuchidziwa ndi mmene angakhalire nayo osataya miyendo yake, impso zake ndi ndalama zake.

Apa pali chinthu chimene anthu ambiri sachiyembekezera. Chithandizo chimene kafukufuku wasonyeza kuti chimapindulitsa kwa nthawi yaitali n'chotheka kuchitikira pakhonde la nyumba iliyonse ya ku Chiputula, popanda kulipira. Chimene chili chosavuta kugula pa okala ndicho chingamugoneke munthu m'chipatala ndi matenda ena oopsa kuposa bondolo.

Chimene chimachitika m'kati mwa bondo

Amene anadyapo mwendo wa nkhuku akudziwa kamnofu koyera, kolimba ndi koterera kamene kamakuta nsonga ya fupa, kaja ena amati chicherewecherewe. Nafenso tili nako paliponse pamene mafupa alumikizana, ndipo ntchito yake ndi kuthandiza mafupa kutsetsereka osakhulana. Mwa munthu wa nyamakazi imeneyi kamnofuka kamayamba kukhakhala ndi kupyapyala. Fupa la pansi pake limalimba n'kumera timinyanga m'mbali, kansalu kokuta mfundo kamatupa nthawi zina n'kutulutsa madzi ochuluka, ndipo minofu ya ntchafu imafooka. Choncho vuto silikhala la kamnofu kokha. Mfundo yonse imakhala ikuyesetsa kudzikonza, koma kuwonongeka kumapambana kukonzako.

Zoyambitsa zake zimadziwika. Ukalamba ndi chimodzi, ngakhale kuti si wokalamba aliyense amadwala. Kunenepa kwambiri ndi china. Kuvulala kwakale nakonso kumabwerera patapita zaka: mnyamata amene anapindika bondo pa mpira, kapena amene anathyoka mwendo pa ngozi ya kabaza wa njinga yamoto, angayambe kumva nyamakazi asanakwanitse zaka 45. Ntchito yogwada, yonjuta ndi yonyamula zolemera tsiku ndi tsiku imawonjezera chiopsezo, ndipo kafukufuku wa ku Ulaya anapeza kalekale kuti alimi amagwidwa kwambiri ndi nyamakazi ya m'chiuno. Palinso za kumtundu, makamaka ikakhala ya m'zala. Kuzizira sikuyambitsa matendawa, ngakhale kuti ambiri amamva kuuma ndi kupweteka kwambiri nyengo yozizira, mwa zina chifukwa amakhala malo amodzi pa mbaula osayendayenda.

Chinthu china chofunika kuchimvetsa n'chakuti chithunzi cha X-ray ndi ululu sizimayendera limodzi nthawi zonse. Alipo anthu amene chithunzi chawo chimaoneka choopsa koma amayenda bwinobwino, alipo ena amene chithunzi chimaonetsa zochepa koma sagona usiku. Ululu umakwera ndi kutsika malinga ndi mphamvu ya minofu, tulo, nkhawa ndi ntchito ya tsikulo. Ndiye mawu akuti "mafupa anu anatha" asamutayitse munthu mtima. Nyamakazi siikulirakulira mwa aliyense. Mwa ambiri imakhala pamodzimodzi kwa zaka, ikumabwera ndi kupita.

Si ululu uliwonse wa m'mafupa

Asanayambe chilichonse, munthu ayenera kupimidwa kuchipatala, pakuti dzina loti nyamakazi limaphimba matenda ambiri. Bungwe la NICE, limene limalemba malangizo a zachipatala ku England, linanena mu 2022 kuti munthu wa zaka 45 kapena kuposerapo, amene mfundo zimamupweteka akamagwira ntchito, ndipo kuuma kwa m'mawa sikupitirira mphindi 30, angadziwike kuti ali ndi osteoarthritis popanda ngakhale kumujambula. Izi n'zolimbikitsa kwa amene amaganiza kuti popanda chithunzi sanathandizidwe.

Koma pali zizindikiro zosafunika kuzengereza. Bondo likatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, munthu n'kumamva malungo, mwina mwalowa tizilombo, ndipo mfundo ingawonongeke m'masiku ochepa. Chiuno kapena msana zikamapweteka usiku, munthu akuonda ndi kutuluka thukuta pogona, aganiziridwe za TB ya m'mafupa, imene m'dziko muno si yachilendo. Zala za manja onse awiri zikamatupa n'kuuma ola lathunthu m'mawa, imeneyo ingakhale nyamakazi ya mtundu wina, imene ili ndi mankhwala akeake ofunika kuyamba msanga. Chala chachikulu chakuphazi chikatupa usiku umodzi moti ngakhale bulangeti silikhudzika, kawirikawiri amakhala matenda a gout. Munthu wachinyamata amene chiuno chikumupweteka mphechepeche mwa ntchafu, makamaka ngati ali ndi HIV, ali ndi sickle cell, amamwa mowa kwambiri kapena anamwa mankhwala a prednisolone kwa nthawi yaitali, mwina mutu wa fupa la ntchafu ukufa chifukwa chosowa magazi. Zonsezi zimafuna kupimidwa kuchipatala, osati kungomwa mapiritsi opha ululu.

Mafizo: mankhwala oyamba

M'makomo mwathu, ulemu kwa akuluakulu umaoneka powalanda ntchito. "Agogo, khalani pansi mupume, tichita ndife." Mawuwa amachokera mumtima wabwino, koma akapitirira muyeso amafulumizitsa kulumala. Munthu akasiya kuyenda, minofu ya ntchafu imaphwa, bondo limasowa choligwirira, ululu umakula, ndipo iye amaopa kuyenda kuposa kale. Kamnofu koterera kaja kalibe mitsempha ya magazi. Kamalandira chakudya kuchokera ku madzi a m'mfundo pamene mfundoyo ikupindika ndi kuwongoka. Bondo losayenda limakhala ndi njala.

N'chifukwa chake malangizo onse akuluakulu a zachipatala amaika masewera olimbitsa thupi patsogolo pa mapiritsi. Kafukufuku wochuluka wasonyeza kuti kwa odwala mawondo, mafizo amachepetsa ululu mofanana ndi mmene mapiritsi opha ululu amachitira, koma osawononga m'mimba. Ku Denmark, kuyambira mu 2013, kuli ndondomeko yotchedwa GLA:D, mmene odwala amaphunzitsidwa za matenda awo kenaka n'kumachita mafizo pagulu kawiri pa sabata kwa masabata 6. Ndondomekoyi yafalikira ku mayiko ena monga Canada ndi Australia, ndipo zambiri zochitika mmenemo sizifuna makina.

Wina angatsutse kuti, "Ine ndimagwira kale ntchito kuyambira mbandakucha, mafizo enanso a chiyani?" Funsoli n'lomveka, pakuti mayi wa ku Chiputula amene amachapa, kukolopa, kutunga madzi ndi kukwera zitunda za Mzuzu ali ndi katundu pamutu si waulesi. Koma ntchito yotere imapanikiza mfundo mbali imodzimodzi kwa maola ambiri popanda kupuma, pamene mafizo amalimbitsa minofu yosankhidwa, mwa muyeso, n'kuipatsa nthawi yochira. Wogwira ntchito yolemetsa afunika kuchepetsa katundu ndi kuwonjezera mphamvu ya ntchafu. Wongokhala afunika kuyamba kuyenda.

Zochita zake n'zosavuta. Khalani pa mpando wolimba, imirirani osagwira ndi manja ngati n'kotheka, khalaninso pang'onopang'ono, mpaka ka 10. Gonani chagada, pindani bondo limodzi, tukulani mwendo winawo uli wowongoka, ugwireni m'mwamba mukuwerenga mpaka 5, kenaka utsitseni mosathamanga. Mutakhala pa mpando, wongolani bondo mpaka mwendo utambasuke n'kulimbitsa ntchafu. Kwerani ndi kutsika sitepe ya pakhonde mutagwira khoma. Yendani pamalo osatsetsereka mphindi 10, n'kumawonjezera sabata ndi sabata. Amene ali ndi njinga yakapalasa ali ndi mwayi, pakuti kupalasa kumayendetsa bondo popanda kulisenzetsa thupi lonse.

Poyamba zimapweteka, ndipo apa ndi pamene ambiri amasiyira. Lamulo limene akatswiri a mafizo amaphunzitsa ndi ili: ululu wopiririka pochita mafizo si chizindikiro choti mukuwononga bondo, malinga ngati pofika mawa lake wabwerera mmene unalili. Ukapitirira tsiku lathunthu, kapena bondo likatupa, chepetsani koma musaleke. Phindu limayamba kuoneka pakatha masabata 6 mpaka 12, ndipo limazilala munthu akasiya. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ku Mzuzu Central Hospital kuli a mafizo amene angamuonetse munthu zoyenera thupi lake, ndipo ulendo umodzi kapena iwiri yophunzira bwino ingamuthandize kupitiriza yekha kunyumba.

Nkhani yovuta kuikamba: kulemera kwa thupi

Kwathu kuno kunenepa kumatengedwa ngati umboni wa mtendere ndi banja labwino, ndipo kuyambira m'zaka za mliri wa Edzi, kuonda kumadzutsa manong'onong'o. Choncho dokotala akauza mayi kuti achepetse thupi, amakhala akumupempha chinthu chimene anansi ake angachimasulire molakwika. Komabe mawerengero ake sanama. Kafukufuku wa ku America wa mu 2005 anapeza kuti munthu akatsika ndi kilogalamu imodzi, katundu wofika pa bondo amatsika ndi pafupifupi makilogalamu 4 pa phazi lililonse limene waponda. Wina wa mu 2013, wa anthu 454, anasonyeza kuti amene anaphatikiza kusintha kadyedwe ndi mafizo anapepukidwa kuposa amene anachita mafizo okha. A NICE amati kutsika kulikonse kumathandiza, koma kutsika ndi magawo 10 pa 100 a kulemera kwa thupi kumaposa kutsika ndi magawo 5.

Vutoli lafika kale m'matauni mwathu. Kafukufuku wa bungwe la MEIRU, amene anachitika ku Karonga ndi ku Area 25 ku Lilongwe n'kusindikizidwa mu 2018, anapeza kuti amayi 44 mwa 100 alionse a m'tauni anali olemera kupitirira muyeso, poyerekeza ndi 27 a kumudzi. Sikuti anthu a m'tauni amadya zapamwamba ayi. Zakudya zotsika mtengo ndi zokhutitsa msanga ndizo zonenepetsa: mandasi, tchipisi cha pachiwaya, tiyi wa masipuni anayi a shuga, zakumwa zotsekemera, ndi mitanda ya nsima yochuluka chifukwa ndiwo zachepa. Palibe chifukwa chogulira zakudya zachilendo. Kuchotsa mtanda umodzi, kuchulutsa masamba ndi nyemba, kudya usipa m'malo mwa zokazinga, ndi kuchepetsa shuga m'kapu n'zokwanira kuyambira. Phindu lake limafikanso ku BP ndi matenda a shuga, amene nthawi zambiri amayenda limodzi ndi nyamakazi.

Mapiritsi: malo ake ndi malire ake

Mapiritsi ali ndi ntchito yake. Amathandiza munthu kudutsa masiku oipa ndi kupeza mpata wochita mafizo. Vuto limabwera akasanduka chakudya cha tsiku ndi tsiku.

Panado ndi wofatsa m'mimba, koma kafukufuku wa m'zaka zaposachedwa wasonyeza kuti pa nyamakazi imeneyi mphamvu yake ndi yochepa kuposa mmene anthu ankaganizira. Munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a 500mg pa tsiku, ndipo wokalamba wochepa thupi kapena womwa mowa kwambiri achepetse kuposa apo, pakuti akachuluka amawononga chiwindi.

Bufeni, diclofenac ndi indosidi ndi a banja limodzi. Amapha ululu kuposa panado, koma mtengo wake umalipiridwa ndi ziwalo zina. Amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba zotaya magazi, amakweza BP, amalemetsa mtima, ndipo amawononga impso mwakachetechete, munthu osamva kalikonse mpaka zitafika poipa. Kumwa awiri a banja limeneli nthawi imodzi, monga bufeni m'mawa ndi indosidi madzulo, kumachulukitsa ngozi popanda kuwonjezera mpumulo. Chimbudzi chakuda bii, kusanza magazi, kutupa mapazi kapena kuchepa kwa mkodzo ndi zizindikiro zosiyira pomwepo n'kuthamangira kuchipatala.

Pano pa Malawi pali zifukwa zapadera zochenjerera. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Mankhwala a BP monga enalapril ndi HCTZ akaphatikizana ndi bufeni wa tsiku ndi tsiku, impso zimapanikizika kwambiri. Ma ARV amene ambiri akumwa kuyambira mu 2019 ali ndi tenofovir, amenenso amafuna impso zisamalidwe. Anthu amene anayamba ma ARV m'zaka za m'ma 2000 tsopano akukalamba, ndipo mawondo ayamba kuwavuta monga anzawo onse. Impso zikafa, chithandizo chake ndi makina osefa magazi, amene m'dziko muno ndi owerengeka; kwa zaka zambiri odwala a chigawo cha kumpoto ankayenera kupita ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 300, kuti akawapeze.

Njira yabwino pa bondo ndi pa zala ndi mankhwala opaka, monga diclofenac wa m'chubu. Amalowa pamalo popwetekapo, ndipo ofika m'magazi amakhala ochepa kwambiri, n'chifukwa chake malangizo a masiku ano amati ayambe ndiwo. Ngati akumwa afunikadi, akhale ochepa, a masiku owerengeka, omwedwa mutadya, ndipo kawirikawiri dokotala amawonjezera omeprazole woteteza m'mimba. Nthawi zonse muonetseni buku lanu la kuchipatala ndi kumuuza mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale ogula pa okala.

Pali magulu awiri a mankhwala ofunika kuwatchula mwapadera. Prednisolone ndi dexamethasone amapepuza thupi msanga moti munthu amaona ngati wapeza chozizwitsa, koma akamwedwa miyezi amatupitsa nkhope, amadzutsa shuga, amafewetsa mafupa, ndipo angaphe mutu wa fupa la ntchafu. Amene wawamwa nthawi yaitali asawasiye mwadzidzidzi. Apite kuchipatala akamutsitse pang'onopang'ono. Tramadol ndi anzake amphamvu nawonso sayenera nyamakazi ya zaka zambiri. Kafukufuku wa mu 2018 wa odwala 240 ku America anapeza kuti patatha chaka, omwa mankhwala a mtundu wa morphine sanapeze bwino kuposa omwa mankhwala wamba, koma anavutika kwambiri ndi zotsatira zake. Kwa okalamba amabweretsa chizungulire, kudzimbidwa ndi kugwa, ndipo thupi limawazolowera. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndilo limapereka ziphaso kwa ogulitsa mankhwala m'dziko muno; mapiritsi ogulitsidwa pa mphasa padzuwa, opanda paketi, palibe angatsimikize kuti muli chiyani.

Jakisoni, mphini ndi zitsamba

Ambiri a ife timakhulupirira kuti jakisoni amaposa piritsi. Jakisoni wa diclofenac wa pathako ndi mankhwala omwewo a m'piritsi, ndipo impso sizisiyanitsa khomo limene alowera. Jakisoni wobaya m'kati mwa bondo ndi wina: amachepetsa ululu kwa masabata 2 mpaka 10, ndipo angathandize munthu amene bondo lamutupira kwambiri kuti ayambenso mafizo. Koma kafukufuku wa mu 2017 ku Boston anaonetsa kuti obayidwa miyezi itatu iliyonse kwa zaka ziwiri anataya kamnofu koterera kochuluka kuposa obayidwa madzi amchere, ululu uli chimodzimodzi. Ndi wa apo ndi apo, ndipo wobaya akhale wophunzira, pamalo aukhondo.

Mabotolo a glucosamine ndi chondroitin amagulitsidwa mokwera mtengo ndi lonjezo lomeretsanso kamnofu kotha. Kafukufuku wamkulu wa mu 2006, wa odwala oposa 1,500, sanapeze kusiyana kwenikweni pakati pa mankhwalawa ndi mapiritsi opanda kanthu, ndipo a NICE amalangiza kuti asaperekedwe. Ndalama zimenezo zingagule nsapato zabwino.

Za makolo zili pawiri. Kuthowa ndi kansalu ka madzi ofunda, kusisita ndi mafuta, ndi kufunditsa mawondo nyengo yozizira zimapepuza ndipo sizivulaza, malinga madziwo asakhale otentha mowotcha, makamaka kwa odwala shuga amene khungu lawo silimva bwino. Mphini ndi nkhani ina. Kutema khungu pamwamba pa bondo n'kupakamo mankhwala kungalowetse tizilombo pafupi ndi mfundo, ndipo lezala logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi. Zitsamba za m'mabotolo zolembedwa kuti zimachiza matenda makumi awiri nthawi imodzi n'zokayikitsa. M'mayiko angapo zina zoterezi zinapezeka zitasakanizidwa mobisa ndi mankhwala a mtundu wa dexamethasone. Amene akumwa zitsamba zilizonse amuuze dokotala mosabisa.

Kukonza pakhomo

Moyo wa m'nyumba zambiri za ku Chiputula umachitikira pansi. Kuphika ndi pa mbaula, kuchapa ndi m'beseni, kukolopa ndi kowerama, kugona ndi pa mphasa kapena pa matiresi apansi, ndipo chimbudzi ndi chokumba chofuna kunjuta. Kwa munthu wa mawondo opweteka, chimbudzicho ndicho chimavuta kuposa zonse, ngakhale kuti sachitchula pagulu. Okalamba ena amachepetsa kudya ndi kumwa madzi pofuna kupewa ulendo umenewo. Kalipentala wa m'dera angathe kukhoma mpando wathabwa wobowola pakati woika pamwamba pa dzenje, ndi mtengo wogwirira pakhoma. Mbaula ikwezedwe pa njerwa, beseni liikidwe pa tebulo, chokolopera chikhale ndi mpini wautali, bedi likhale lofika m'mawondo. Madzi atungidwe m'zigubu zazing'ono maulendo awiri m'malo mwa ndowa ya malita 20 ulendo umodzi.

Ndodo ambiri amaikana poopa kuoneka okalamba, koma imachotsa katundu wambiri pa mfundo yodwala ndi kuteteza kugwa m'njira zoterera za nyengo ya mvula, imene ku Mzuzu imatenga miyezi yambiri. Igwiridwe ndi dzanja la mbali imene sikupweteka, ndipo italike kufika pa mfundo ya dzanja munthu ataimirira manja ali pansi. Pokwera chitunda kapena sitepe, utsogole mwendo wabwino. Potsika, utsogole wodwala. Nsapato zikhale zafulati, zogwira phazi lonse, osati patapata wotha. Ku Mzuzu Central Hospital kulinso malo opangira ziwalo zoikirira ndi zothandizira kuyenda, amene anakhazikitsidwa ndi thandizo la bungwe la ku Scotland la 500 miles.

Mwambo nawo ungafewe. Mayi wa mawondo otupa asakakamizidwe kugwada popereka moni kwa apongozi kapena popemphera, ndipo pa maliro ndi pa misonkhano apatsidwe mpando ngakhale amayi anzake ali pa mphasa. Atsogoleri a mpingo ndi mafumu a m'madera akanena zimenezi poyera, manyazi amatha.

Opaleshoni ndi kumene ingapezeke

Kwa ochepa amene ululu wawalanda tulo ndi kuyenda ngakhale ayesa zonse, chotsala ndi kuika mfundo yachitsulo ndi pulasitiki. Njira imeneyi inakhazikika ndi ntchito ya dokotala John Charnley ku Wrightington, ku England, cha mu 1962, ndipo ndi imodzi mwa maopaleshoni opambana kwambiri. Kafukufuku wa mu 2019 anapeza kuti mawondo oikirira 82 mwa 100 alionse amakhala akugwirabe ntchito patatha zaka 25. Opaleshoni ina yongotsuka m'bondo ndi kachipangizo ka kamera inapezeka mu 2002, pa kafukufuku wa odwala 180 ku Houston, kuti siiposa opaleshoni yongoyerekeza, ndipo masiku ano siilimbikitsidwa pa nyamakazi imeneyi.

Kuno kwathu, chipatala cha Beit CURE ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 2002, ndicho chinatsogolera maopaleshoni oika chiuno ndi bondo, ndipo mu 2005 kunayambika kaundula wa dziko lonse wa anthu oikidwa mfundo. Mu 2023 ku Lilongwe kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, pa Kamuzu Central Hospital. Komabe madokotala aakulu a mafupa ndi ochepa, ndipo nthawi yawo yambiri imathera pa ovulala pa ngozi za pamsewu. Ntchito yaikulu ya mafupa m'zipatala zathu imagwiridwa ndi ma Orthopaedic Clinical Officer, amene maphunziro awo anayambitsidwa ndi dokotala Ed Blair mu 1985 ku Blantyre. Kwa munthu wa ku Chiputula njira imayambira ku chipatala chaching'ono cha Mapale kapena ku St John's, kenaka ku Mzuzu Central Hospital, chimene chinatsegulidwa mu 2000 ndi thandizo la dziko la Taiwan. Zoona zake n'zakuti ambiri sadzafika pa tebulo la opaleshoni, ndipo ambiri safunikanso kufikapo. Ngakhale amene akudikira, amachira msanga akapita ali ndi ntchafu zolimba, BP ndi shuga zili m'malo.

Ululu, mtima ndi anthu otizungulira

Ululu wa zaka zambiri sukhala m'bondo mokha. Umasokoneza tulo, ndipo munthu wosagona amamva ululu kwambiri mawa lake. Umamuletsa kupita ku msika, ku tchalitchi ndi ku maliro, n'kumusiya yekha m'nyumba. Umamulanda geni imene inkamudyetsa. Matenda osamveka mutu wake amadzutsanso maganizo oti alipo wina amene akuchititsa, ndipo mabanja ena amadana ndi kutaya chuma pofufuza mfiti pa matenda amene amagwira anthu a mitundu yonse pa dziko lapansi. Munthu amene wataya chilakolako cha chakudya, sakufuna kucheza ndipo akuona ngati moyo ulibenso phindu afunika thandizo la maganizo, ndipo Mzuzu ali ndi mwayi wokhala ndi a St John of God, amene ntchito yawo ndi imeneyo. Nkhawa ikachepa, ululu nawo umapiririka.

Chimene chikusowa kwambiri si makina. Akatswiri a mafizo m'dziko muno ndi ochepa, pakuti maphunziro a digiri ya ntchitoyi anayamba cha m'ma 2010 ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Sangafike pakhomo lililonse. Koma magulu okumana sabata ndi sabata alipo kale m'Chiputula: amayi a Umanyano, miphakati ya Akatolika, magulu a banki m'khonde, ndi odwala amene amakumana ku kiliniki ya BP, shuga ndi ma ARV. Katswiri mmodzi ataphunzitsa alangizi a zaumoyo ndi atsogoleri a magulu amenewa mafizo anayi kapena asanu, mphindi 20 za msonkhano uliwonse zingasanduke chithandizo chenicheni, ndipo anthu amalimbikira akamachita ndi anzawo kusiyana ndi ali okha. Nawonso anamwino ndi madokotala a m'makiliniki amenewa atazolowera kufunsa wodwala aliyense kuti, "Amama, kodi mumamwa mapiritsi anji a ululu, ndipo kangati pa sabata?", impso zambiri zingapulumuke.

Pabanja, ntchito ingagawidwe mosavuta. Mwana amene ali ku Johannesburg kapena ku Lilongwe, m'malo motumiza mabotolo a mankhwala odula, atumize ndalama ya mpando wa kuchimbudzi, bedi ndi nsapato. Mdzukulu amene ali pakhomo asenze ndowa ndi thumba la makala, koma asawalande agogo ulendo wa ku tchalitchi kapena wa ku okala. Aziwaperekeza, ndi kuwawerengera mafizo awo madzulo. Wodwalayo apimitse BP, shuga ndi impso ngati wakhala akumwa bufeni kwa miyezi, asunge mapiritsi kuti akhale a masiku oipa okha, ndipo adzipatse miyezi itatu ya mafizo asanagamule ngati akuthandiza kapena ayi.